Mtunda Wotayidwa: Mlingo wa Mapu M'masewera a Mathiraki ndi Msewu wa Kum'mawa

Masewera a pakompyuta ndi pafoni amene munthu amayendetsamo thiraki yonyamula katundu, iye ali khale pampando kunyumba kwake, amamangidwa pa chisankho chimodzi chimene osewera ambiri sachiganizira, ndicho chisankho cha mlingo wa mapu. Mlingo, umene ana asukulu amaudziwa ndi dzina lakuti sikelo, ndi chiwerengero chosonyeza kuti mtunda wojambulidwa wachepetsedwa kangati poyerekeza ndi mtunda weniweni, kotero kuti mapu olembedwa 1:50,000 amatanthauza kuti sentimita imodzi papepala ikuimira theka la kilomita pansi. Sewero la Euro Truck Simulator 2, limene kampani ya SCS Software ya mumzinda wa Prague inatulutsa mu 2012, linajambula misewu ya ku Ulaya pa mlingo wa pafupifupi 1:19, ndipo linzake la American Truck Simulator, lotulutsidwa mu 2016, linayamba ndi 1:35, koma chisanathe chaka chomwecho opanga analikonzanso n'kulifikitsa pa 1:20 chifukwa dziko linkaoneka lopanikizana ndipo mizinda inkagundana. Manambalawa amaoneka ngati nkhani ya amisiri okha, koma pansi pake pali funso lakale la anthu oganiza mozama ndi la okhulupirira: kodi kutalika kwa njira n'chopinga chabe chimene munthu angachidule popanda kutaya kanthu, kapena ndi mbali ya ulendo umene?

Funsoli limamveka bwino likaikidwa pa msewu umene anthu a ku Chipata amaudziwa ndi matupi awo. Msewu waukulu wa kum'mawa, umene boma limaulemba kuti T4 ndipo ambiri amautcha Great East Road, umayenda makilomita pafupifupi 570 kuchokera ku Lusaka kufika ku Chipata, kudzera ku Chongwe, Rufunsa, mlatho wa Luangwa, Kacholola, Nyimba, Petauke, Sinda ndi Katete, kenaka n'kupitirira makilomita ena pafupifupi 20 kukafika pamalire a Mwami, pamene umalowa m'Malawi cha ku Mchinji. Pa mlingo wa 1:19 msewu wonse wa Lusaka mpaka Chipata ungakhale makilomita 30 okha, ndipo thiraki yothamanga makilomita 80 pa ola ingaumalize m'mphindi zosakwana 25, pamene basi yeniweni imadya gawo lalikulu la tsiku ndipo thiraki yodzaza feteleza kapena simenti imadya yoposa pamenepo. Kuchokera ku Chipata kukafika pa Mwami kungakhale kilomita imodzi yokha. Wosewera sazindikira msanga kuti zili choncho, chifukwa chiwerengero cha mtunda chimene amachiona patsogolo pake chimathamangitsidwa kuti chilembe 570, ndipo koloko ya m'sewero imathamangitsidwanso mofananamo, kotero kuti dzuwa limatuluka ndi kulowa m'nthawi yongopitirira pang'ono ola limodzi la munthu wamoyo.

Pano pali kusiyana kumene kuyenera kumvetsetsedwa bwino, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Mapu a papepala amachepetsa zinthu zonse mofanana: mtsinje, phiri, munda ndi mudzi zimachepa pamodzi, ndipo chilichonse chimakhalabe pamalo pake ngakhale chitasanduka kadontho. Sewero silingatero, pakuti thiraki iyenera kukhala yaikulu monga thiraki yeniweni, msewu uyenera kukhala wotakata monga msewu weniweni, ndipo mtengo wa m'mbali mwa msewu, nyumba ndi mlatho ziyenera kuoneka ndi msinkhu wake weniweni, kupanda kutero wosewera sangakhulupirire kuti akuyendetsa galimoto. Chimene chimachepa ndi mpata wa pakati pa malo ndi malo, ndipo mpata suchepa mwa njira ina koma mwa kutaya zimene zinali m'menemo. Mwa makilomita 19 alionse, imodzi imasungidwa ndipo 18 amachotsedwa. Ndipo popeza dziko lili ndi mulitali ndi mulifupi, malo otsala ndi gawo limodzi lokha mwa magawo 361. Opanga amachitanso chinthu china choyenera kuchiyang'anitsitsa: m'mizinda amachepetsa liwiro la koloko kufika pa 1:3, kuti mzinda upatsidwe nthawi yokwanira, pamene kumidzi nthawi imauluka. Choncho mlingo wa m'sewero ndi chiweruzo cha munthu wina chonena kuti malo awa ndi oyenera kuoneka ndipo awa ndi osayenera, ndipo chiweruzocho chimakondera mzinda.

Kodi pamenepa sewerolo likunama? Yankho lachilungamo n'lakuti ayi, ndipo zifukwa zake n'zolimba. Alfred Korzybski, katswiri wochokera ku Poland, anaphunzitsa mu 1931 kuti chithunzi cha dziko ndi dzikolo ndi zinthu ziwiri, ndi kuti phindu la mapu lili m'kufanana kwa kalongosoledwe kake ndi dziko, ngakhale kuti sangasenze zonse zimene zili m'dzikomo. Lewis Carroll mu 1893 ndi Jorge Luis Borges mu 1946 analemba, aliyense m'njira yake, za mapu aakulu molingana ndi dziko lenilenilo, ndipo onse anasonyeza kuti mapu oterowo alibe ntchito, chifukwa chimene sichisiya kanthu sichilongosola kanthu. M'mbiri ya masewera muli umboni wooneka ndi maso. Sewero lotchedwa Desert Bus, lopangidwa cha mu 1995, limafuna kuti munthu ayendetse basi kuchokera ku Tucson kukafika ku Las Vegas, mtunda wa mamailosi 360, kapena makilomita pafupifupi 580, umene uli pafupifupi wofanana ndi wa Lusaka mpaka Chipata, kwa maola asanu ndi atatu enieni, popanda kuimitsa, basiyo ikukokera mbali imodzi kotero kuti chiwongolero sichingasiyidwe, ndipo mphotho ya zonsezi ndi pointi imodzi. Opanga ake anafuna kusonyeza kuti moyo wojambulidwa wonse wathunthu ndi wotopetsa kuuseweretsa. Munthu woweruka kuntchito ali ndi ola limodzi kapena awiri, ndipo kampani imene ingafune kujambula ndi manja kilomita iliyonse ya ku Ulaya siingamalize m'moyo wa ogwira ntchito ake. Kuwonjezera apo mlingo si chinsinsi. Opanga amaunena poyera, ndipo bodza limafuna cholinga chonyenga, chimene pano palibe.

Achewa, Angoni ndi Ansenga nawonso ali ndi luso lakale lofupikitsa ulendo, ndipo dzina lake ndi malonje. Mlendo akafika pamudzi, akapatsidwa pokhala ndi madzi, amafotokoza mmene wayendera: anthu amene wawasiya kwawo ali bwanji, ananyamuka liti, mvula inamupeza pati, anakumana ndi yani, galimoto inafera pati. Ulendo wa tsiku lathunthu umakwana m'mphindi zochepa, ndipo palibe amene amati mlendoyo wanama chifukwa sanatchule mtengo uliwonse umene anaudutsa. Malonje ali ndi mlingo wake, mwina wopanikiza kuposa 1:19. Komabe pali zinthu ziwiri zimene zimawasiyanitsa ndi sewero. Choyamba, wonena malonje wayenda njira yonse, ndipo zimene wasiya kuzinena zili m'miyendo yake ndi m'fumbi la pa zovala zake, kotero kuti omvera akhoza kumufunsa za mudzi umene sanautchule ndipo iye adzayankha. Kufupikitsa kwake kumatsatira kuyenda. Wosewera amalandira njira yofupikitsidwa kale, ndipo makilomita 18 aja kulibe kumene angakawafunse, chifukwa sanajambulidwe n'komwe. Chachiwiri, chimene malonje amasankha kusunga ndi anthu, odwala, maliro, ana obadwa, njala kapena zokolola, pamene chimene sewero limasankha kusunga ndi mphambano, malo omwetsera mafuta ndi malo otsitsira katundu. Onse awiri amasiya zambiri, koma amasiyana pa zimene amaziona kuti n'zosayenera kusiyidwa.

Mtunda ukadulidwa, nthawi imadulidwa nawo pamodzi, ndipo apa ndi pamene nkhaniyi imakhudza moyo wa dalaivala weniweni. Henri Bergson, katswiri wa maganizo wa ku France, anasiyanitsa m'buku lake la mu 1889 nthawi ya koloko, imene imagawidwa m'zidutswa zofanana monga mtunda, ndi nthawi imene munthu amaimva m'kati mwake, imene siingadulidwe kapena kuthamangitsidwa chifukwa ndiyo moyo wake umene ukupita. Sewero limatsanzira nthawi yoyambayo mwaluso kwambiri. Dalaivala wa m'sewero amatopa, amayasamula, maso ake amachita mdima, ndipo ayenera kuima kuti agone. Koma tulo take ta maola angapo timatha m'kuphethira kwa diso, batani likangodinidwa. Dalaivala wochokera kudoko la Beira kapena la Nacala ndi katundu wopita ku Lusaka alibe batani lotero. Iye amagona m'galimoto usiku wonse wathunthu, amaphika pambaula m'mbali mwa msewu, amadikira mapepala pamalire a Mwami kapena a Chanida, amaima pa sikelo yoyezera kulemera kwa katundu, ndipo akafika m'mapiri a Manenekela, chakufupi ndi chigwa cha Luangwa, amatsika pang'onopang'ono ndi giya yaing'ono kwa nthawi yaitali yokwanira kutenthetsa mabuleki, podziwa kuti malo amenewo adya anthu. Phiri la m'sewero limatha mantha asanakhwime. Masabata amene dalaivala amakhala kutali ndi mkazi wake ndi ana ake ndiwo mtengo weniweni wa thumba la feteleza limene limafika ku Chipata, ndipo mtengo umenewo ndiwo umene mlingo wa 1:19 umachotsa. Akulu anati walira mvula walira matope. Sewero limapereka mvula yokha, ndipo ngakhale palibe cholakwa m'kusangalala nayo, munthu amene waphunzira ntchito ya udalaivala kudzera m'galasi la foni waona chisangalalo chake popanda kuona chimene imalipitsa.

Malemba amene Akhristu a m'chigawo cha Kum'mawa akhala akuwerenga m'chinenero chawo, kuyambira pamene amishoni a Dutch Reformed anafika ku Magwero mu 1899 ndi pamene Buku Lopatulika linatuluka lathunthu mu 1922, amaona kutalika kwa njira mosiyana kwambiri ndi mmene opanga masewera amakuonera. Buku la Deuteronomo, m'mutu wake woyamba, limatchula kuti kuchokera ku Horebu kukafika ku Kadesi Barinea unali ulendo wa masiku 11, koma Aisraele anatha zaka 40 m'chipululu; ndipo buku la Eksodo, m'mutu 13, limafotokoza kuti Mulungu sanawatsogolere pa njira ya dziko la Afilisti ngakhale kuti inali yachidule. M'nkhani imeneyi malamulo, mana, madzi a m'thanthwe, kudandaula ndi kukhululukidwa, zonse zimachitika pakati pa malo onyamukira ndi malo ofikira, ndipo munthu akachotsa mtunda wa pakatiwo amatsala ndi khamu la akapolo limene lasintha malo okhala koma silinasanduke mtundu. Fanizo la Msamariya wachifundo, m'mutu 10 wa Luka, limanena zomwezo molunjika kwambiri. Munthu wovulazidwa ndi achifwamba sanagone ku Yerusalemu kapena ku Yeriko, mizinda imene wojambula aliyense angaisunge, koma pa njira yotsetsereka ya pakati pake, m'makilomita amene mlingo ukanawataya. Wansembe ndi Mlevi anayenda monga anthu amene maso awo ali pa malo ofikira okha. Mnansi, malinga ndi fanizoli, amapezeka pamalo pamene munthu sanakonzekere kuima.

Mwambo wa kumudzi umadziwa zimenezi popanda kuwerenga buku. Pakagwa maliro pafupi ndi msewu, anthu amaika nthambi za masamba aawisi pamsewupo, ndipo wanjinga amatsika, wagalimoto amachepetsa liwiro ndi kuzimitsa nyimbo, ngakhale kuti womwalirayo sakumudziwa. Nthambi zomwezo amaziyala dalaivala amene thiraki yake yafa pakona, pochenjeza anzake. Chizindikiro chimenechi chimanena kuti msewu umadutsa pakhomo pa anthu, ndi kuti woyenda ali ndi mangawa kwa eni malo amene akuwadutsa. Pakati pa Katete ndi Chipata, mtunda umene pa 1:19 sungakwane makilomita asanu, pali Mtenguleni, kumene Angoni a Inkosi ya Makosi Mpezeni amachitira Nc'wala kumapeto kwa Febuluwale. Ku Katete kuli Mkaika, kumene Achewa a m'maiko atatu amakachita mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi kumapeto kwa Ogasiti, ndiponso chipatala cha St Francis. Malo amenewa mwina wojambula wosamala angawasunge. Koma midzi yopanda dzina pa mapu a boma, manda, madambo, amayi ogulitsa tomato ndi nthochi, anyamata okankha njinga zodzaza makala, zonsezi ndizo makilomita 18, ndipo ndiko kumene anthu ochuluka a m'chigawochi amakhala.

Dera limeneli linalawapo kale zotsatira za kuonedwa kudzera pa mapu a mlingo waung'ono ndi anthu okhala kutali. Pangano la Britain ndi Portugal la mu 1891, pamodzi ndi malire amene atsamunda anaika pakati pa North-Eastern Rhodesia ndi Nyasaland motsatira mitunda yogawa madzi a Luangwa ndi a nyanja ya Malawi, zinasiya Achewa m'maiko atatu, ndipo mzere umene papepala unali wopyapyala ngati ulusi unadutsa pakati pa minda ndi mabanja. Mzinda wa Chipata, umene unkatchedwa Fort Jameson, unasanduka nkhokwe ya antchito opita ku minda ndi migodi ya ku Southern Rhodesia, ndipo amuna ambiri ankayenda pansi masabata angapo, ena osabwereranso, amene anatchedwa machona. Kwa anthu amenewo mtunda unkawerengedwa ndi malo ogona panjira ndi kamba wotsala m'thumba. Lerolino mabungwe a zachitukuko amakamba za njira ya Nacala monga mpita wodutsira katundu, ndipo dzina lenilenilo la Chipata limamveka kwa wolankhula Chichewa ngati polowera ndi potulukira. Mawu oterowa sali oipa mwa iwo okha, koma amazoloweretsa maso kuona chigawo chonse monga mpata wa pakati pa doko ndi likulu, ndipo kaonedwe kameneka ndi kamodzimodzi ndi ka mlingo wa 1:19, kungoti kameneka kali ndi mphamvu yogawa ndalama.

Pano pamafunika kusamala, kuti mfundo yabwino isasanduke kutamanda mavuto. Mayi wovutika pobereka amene akuthamangitsidwa naye kuchipatala safuna kuti njira italike, ndipo mlimi wa mtedza kapena soya amene phindu lake limathera pa mtengo wa mayendedwe safuna kumva kuti kuchedwa kuli ndi nzeru. Mlatho wa Luangwa umene unatsegulidwa mu 1968, kukonzedwa kwa msewu kuchokera pa mlathowo kukafika pa Mwami, njanji ya Mchinji mpaka Chipata imene inatsegulidwa mu 2010, ndi malo amodzi oonera mapepala a maiko onse awiri pa Mwami, amene atsogoleri Hakainde Hichilema ndi Lazarus Chakwera anawatsegula mu Disembala 2022, zonsezi ndi zoyesayesa zoyenera kuyamikiridwa, chifukwa zimabwezera anthu maola a moyo wawo. Koma kufupikitsa kwa mtundu umenewu kumasiya mudzi uliwonse pamalo pake, ndipo phula likadutsa, mudziwo umayandikira chipatala ndi msika. Kufupikitsa kwa m'sewero kumafika msanga pochotsa mudziwo. Munthu amene sasiyanitsa ziwirizi akhoza kumanga msewu wothamangitsa mathiraki wopanda poolokera ana asukulu, chifukwa m'mutu mwake malo amenewo ndi opanda kanthu.

Masewera awiri a SCS Software aja ali ndi mapu a Ulaya ndi America, ndipo Africa mulibemo. Koma kampaniyo imalola osewera kujambula mapu awoawo ndi zipangizo zake, ndipo ena mwa iwo asankha kujambula dera laling'ono pa mlingo wa 1:1, kulolera kukhala ndi boma limodzi lathunthu m'malo mokhala ndi maiko khumi odulidwa. Njira ina inaonekera mu Microsoft Flight Simulator wa mu 2020, amene anatenga dziko lonse lapansi pa msinkhu wake weniweni kuchokera ku zithunzi za masetilaiti, kotero kuti mapiri ozinga Chipata alimo, ngakhale kuti makina ojambulawo sadziwa dzina la mudzi uliwonse kapena amene anaikidwa m'manda ake. Kukwanira kwa mtunda pakokha sikubweretsa chidziwitso cha malo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekhako kuyenera kuchokera kwa munthu.

Mnyamata kapena mtsikana wa ku Kapata kapena ku Mchini, mumzinda wa Chipata, amene angadzafune kuika msewu wa kwawo m'sewero lotere adzakumana ndi funsoli maso ndi maso, ndipo adzakhala pamalo abwino kuposa mmisiri wa ku Prague, chifukwa iye njirayo waiyenda, ndipo ntchito yake idzakhala pafupi ndi malonje. Akasankha 1:19 adzakhala ndi makilomita 30 oti agawe. Mlatho wa Luangwa ndi msika wake wa nsomba zouma ndi madengu zidzatenga gawo lake popanda mkangano, Manenekela adzafuna makilomita angapo kuti kutsetsereka kwake kumveke m'manja, ndipo Lusaka ndi Chipata zidzadya mbali zonse ziwiri. Zotsalazo adzazilimbirana Nyimba ndi nthochi zake, Kacholola, mphambano ya ku Petauke, Sinda, Katete ndi Mtenguleni, ndipo wojambulayo adzayenera kuweruza ngati mudzi wa agogo ake, umene uli pamalo pamene basi siima pokhapokha wina atagogoda, udzapeza mamita 200 kapena udzalowa m'gulu la makilomita 540 otayidwa.